Bishopu ndi Akazi Awiri a Atate Akulu

Amai anakhala zaka khumi ndi ziwiri osalandira Mgonero. Sikuti ankachita ulesi kupita kutchalitchi, ayi. Belu lathu, lomwe linali chitsulo cha gudumu la thirakitala chopachikidwa pamtengo, likamalira koyamba Lamulungu, iwo amakhala atasesa kale m'kachisimo n'kukhala pamalo pawo, pabenchi lomaliza pafupi ndi khomo. Nthawi yolandira ikakwana anthu ankadzuka mzere ndi mzere kupita kuguwa, amai n'kutsala chogwada, nkhope ataibisa m'manja. Ine ndinakula ndikucheuka kuwayang'ana, ndipo ukali umene anthu amandidziwa nawo mpaka lero ndikuganiza kuti unayambira pabenchi limenelo.

Mlandu wawo unali uwu. Atate ndi mkulu wawo anachokera kum'mawa, nadzapempha malo olima ku Bundabunda. Anabwera ndi makasu, mbewu ya mtedza ndi chikhristu chawo cha Angilikani, ndipo pamodzi ndi mabanja ena a kwathu anaumba njerwa n'kumanga kachisi wamng'ono wa denga la udzu. Atate anamwalira ine ndili giredi faifi. Abale atakhala pansi anapeza njira ziwiri zokha: amai abwerere kum'mawa ndi ana anayi, kumene munda wawo unali utalimidwa kale ndi ena, kapena alowedwe chokolo ndi mkulu wa malemuyo. Amai anayang'ana munda, nayang'ana sukulu imene tinkaphunzira, navomera. Koma atate akulu anali naye kale mkazi wa ukwati wa m'tchalitchi, amene ife tinkawatcha amai akulu, ndipo lamulo la mpingo linali losakhota: mwamuna wamitala salandira, mkazi wachiwiri salandira, wolandira ndi mkazi woyamba yekha chifukwa iye sanalakwe kanthu. Atate akulu anangosiya kulowa m'kachisi, nyimbo ankamvera ali pamthunzi panja. Amai anakana kusiya.

Nyumba za akazi awiriwa zinayang'anana pabwalo limodzi. Sindinawamvepo akutukwanana, koma sindinawaonenso akuseka mpaka kuombana m'manja monga achitira akazi okondana. Amai akulu anali aatali, a mawu ochepa koma olasa. Chilichonse pamudzipo chinkayambira kwa iwo. Nkhuku ikaphedwa, mbale yoyamba inali yawo. Chimanga chachiwisi sichinkadyedwa kwathu iwo asanalawe. Ngakhale kukhala pamphasa, amai ankadikira kuti akuluwo ayambe akhala. Ine ndinkaziona ngati ukapolo, ndipo ndikanena choncho amai ankangoti, "Iwe uli na pakamwa monga atate ako. Mudzi wa akazi awiri suima ngati onse afuna kukhala patsogolo."

Chimene chinkandiwawa koposa n'chakuti nsalu za paguwa ankachapa ndi amai. Pali kansalu koyera kamene wansembe amapukutira pakamwa pa chikho munthu aliyense akamwa. Kansalu kameneko sikachapidwa ngati malaya. Amai ankayamba akaviika m'mbale ya madzi opanda sopo, madzi oyambawo n'kukawathira pang'onopang'ono m'tsinde mwa khoma la kachisi, pamene sipaponda phazi, chifukwa m'madzimo mumakhala zotsalira za m'chikho. Anaphunzira zimenezi ali mtsikana kum'mawa, ndipo pampingo ponse panalibe wina wozichita mosamala ngati iwo. Tsono munthu wosaloledwa kumwera chikho ndiye anali wodalirika kusamala madontho ake. Ndinkati ndikaganiza zimenezi ndinkapsa mtima mpaka kulephera kuimba.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditayamba uphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale ku Chongwe, ndipo kumudzi ndinkapita kumapeto a sabata ndikapeza galimoto. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Sopo, shuga ndi mafuta ophikira tinkazipeza poima pamzere kuyambira m'mawa, ndipo pamsika nthawi zina pankaima anyamata ofunsa khadi la chipani munthu asanalowe. Tonse tinazolowera kuyamba tacheuka tisananene zakukhosi. Ine chizolowezi chimenechi chinkandikanika, moti a hedi anali atandichenjeza kale kawiri.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera bishopu kudzasanjika manja ana oyamba kulandira Mgonero. Sanali bishopu wathu weniweni, amene ntchito inali itawachulukira. Anali mzungu wokalamba amene anakhalapo bishopu kwawo, ndipo tsopano ankaphunzitsa pasukulu ya ansembe n'kumathandiza kuyendera mipingo ya kumidzi. Mbiri yawo inafika iwo asanafike. Wansembe wathu, amene ankabwera panjinga yamoto kamodzi pamwezi, anatiuza kuti bishopuyo anali mwana wa munthu wokonza njanji. Unsembe anauyambira pakati pa anthu a m'mafakitale, ambiri mwa iwo atasiya kale kupemphera, ndipo chifukwa chomvetsera mafunso a anthu amenewo analemba mabuku amene anautsa mapiri pachigwa kwawoko. Ena ankawakonda kwambiri, ena ankafuna kuti alandidwe ndodo ya ubishopu. Mkazi wawo atamwalira anapempha kuti zaka zawo zotsala adzathere kuno akuphunzitsa. A katekisti athu, amene ankatsogolera mapemphero wansembe kulibe, mbiri yonseyo anaifupikitsa. "Uyu ni uja akamba ati nsomba sinameze mneneri," anatero. "Koma osavutika, mlendo ni mame."

Anafika Loweruka m'mawa akuyendetsa okha kagalimoto kodzaza fumbi, atavala malaya ofiirira otha m'khosi. Chinyanja anachiphunzira m'mabuku akale, moti ngakhale popempha madzi akumwa ankalankhula ngati akuwerenga paguwa, ana n'kumatsinana. M'malo moyesa anawo katekisimu, anakhala pabenchi nanena kuti aliyense, mwana kaya wamkulu, afunse chimene chimamusautsa pa chikhristu. Anthu ozolowera kucheuka asanalankhule safunsa msanga.

Kenaka mkulu wina, pofuna kuwayesa, anafunsa za nsomba ija. Bishopu anaseka mpaka kuchotsa magalasi.

"Nkhani imene ija sinalembedwe kuti tiziyeza kukula kwa mimba ya nsomba," anatero. "Inalembedwa chifukwa cha munthu amene anakwiya poona Mulungu akukhululukira anthu amene iye sankawafuna. Nsombayo ngati mukuifuna isungeni, ine sindikulandani. Koma munthu wokwiya uja musamuiwale, pakuti amapezeka m'tchalitchi chilichonse, nthawi zina atavala chisoti ngati changa."

Apo mafunso anayamba kutuluka. Anatiuza kuti Malembo analembedwa ndi anthu a m'nthawi yawo, ofunafuna Mulungu ngati ife tomwe, choncho tiziwawerenga ndi mtima ndi mutu womwe. Anati Mulungu si nkhalamba yokhala pampando kuseri kwa mitambo n'kumalemba zolakwa zathu, ndipo kuti timamufuna kutali chonsecho amapezeka pamene munthu wachitira mnzake chifundo. Anati kukayika si tchimo, tchimo n'kunamizira kudziwa. Mayi wina amene mwana wake anafa asanabatizidwe anafunsa monong'ona kuti mwanayo ali kuti. Bishopu anati, "Za kuseri kwa manda sindidziwa zambiri, amai. Koma sindikhulupirira kuti chifundo cha Mulungu n'chochepa kuposa chanu." Ine ndinali ndisanamvepo munthu wovala kolala akunena kuti sadziwa. Sindinganame kuti zonse ndinagwirizana nazo, zina zinkamveka ngati munthu akusasula denga mvula ili pafupi. Koma ndinawakonda pomwepo, ndipo ndinayamba kuwazungulira ngati nkhuku yoona mphale.

Mpata ndinaupeza masana. Bishopu anatuluka kukaongola miyendo kuseri kwa kachisi, napeza amai atagwada akuthira madzi aja m'tsinde mwa khoma. Anaima, navula chipewa, nadikira mpaka dontho lomaliza. Atandiona chapafupi anandifunsa kuti mayiyo anali yani, chifukwa kwawo komwe anthu odziwa kutero anali atatha.

Ndinakhuthula zonse, za imfa ya atate, za chokolo, za benchi lomaliza. Ndinalankhula m'Chingerezi dala, kuti amai asamve n'kundiletsa. Iwo anapereka moni, natola mbale yawo, napita kukayanika nsalu, osadziwa kuti amene akukambidwa ndi iwo.

Bishopu anafunsa kuti lamulolo limafuna amai achite chiyani kuti abwezeredwe. Ndinati achoke m'banjamo. Nkhope ya bishopu inafiira.

"Ndiye kuti ayambe ataya denga ndi munda, kenaka adye?" anatero. Anandiuza kuti nkhani ya mitala anakangana nayo zaka zambiri ndi abusa anzawo, kuti ambiri anali atayamba kuona kuti kuthamangitsa akazi ndi ana n'koipa kuposa mitala yeniyeniyo, ndiponso kuti bishopu wathu weniweni anawalola kuweruza nkhani zotere akazipeza m'maulendo awo. "Tebulo lija si langa, ndipo si la a katekisti. Ife ndife operekera chabe. Mawa amai anu alandira."

Ndinatsala pang'ono kuvina. Amai sindinawauze kanthu, ndinkafuna kuti ziwadzidzimutse ndi chimwemwe. Za amai akulu ndinali nditangotchula kamodzi kuti kuli mkazi woyamba, basi, ngati mmene munthu amatchulira mtengo wa m'mbali mwa njira. Bishopu sanafunse zambiri, inenso sindinaganize kuti panali chofunsa.

Lamulungu kachisi anadzaza mpaka ena kusuzumira m'mawindo. Pa ulaliki bishopu ananena mawu amene anatiumitsa tonse. "Pamsika amakufunsani khadi," anatero. "Pano pasakhale wofunsa khadi." Anthu anayang'ana zala za kumapazi, ndipo tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu, amene anakhala pabenchi lachiwiri, anatsokomola. Ine mumtima ndinkangoti onjezani, onjezani.

Ana atasanjikidwa manja, nthawi yolandira inakwana. Munthu asanadzuke ndi mmodzi yemwe, bishopu anaima kutsogolo mbale ya mkate ili m'manja, nakweza mawu.

"Amai amene mumachapa nsalu za paguwa, bwerani. Lero muyambe ndinu."

Mitu yonse inatembenukira kukhomo. Amai anadzutsa nkhope, koma sanayang'ane bishopu. Anayang'ana pabenchi loyamba la akazi, pamene panakhala amai akulu atavala yunifomu ya chigwirizano cha amai ndi duku loyera. M'kachisi monse iwo okha ndiwo sanacheuke. Msana wawo unali chiwongokere. Amai anaweramitsanso mutu.

Bishopu anaganiza kuti sanamveke, naitananso. Ine ndinatembenuka n'kunong'ona mokweza moti theka la mpingo linamva, "Amai, nyamukani!" Anangopukusa mutu, osandiyang'ana. Sindidziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Pomaliza mayi wina wanzeru anayambitsa nyimbo, mizere n'kuyamba kuyenda monga mwa masiku onse. Amai akulu anapita, nalandira, nabwerera, ndipo mapemphero atatha analunjika kunyumba osadikira chakudya cha alendo chimene iwo omwe anathandiza kuphika.

Amai ndinawapeza m'nyumba atakhala pansi, asanavule n'duku lomwe. Ndinayamba ndili pakhomo.

"Zaka zonse izi mulira, lelo akuitanani mwakana! Mwanichititsa nsoni pamaso pa ba Bishopu!"

Amai sanali munthu wokalipa, koma tsiku limenelo anandikalipira mpaka ndinakhala pansi ndekha.

"Anakutuma ndani? Unafuna niime pamaso pa anthu onse, nipite kutsogolo nikayambe kudya, akulu anga ali khale? Mawa nikatunge nao madzi pachitsime chimodzi na nkhope yabwanji? Bishopu wako azakwera motoka yake. Iwe uzabwelera ku Chongwe. Ine nitsala pabwalo pano."

"Manje simufuna kulandira?"

"Nifuna!" anatero, misozi ikutsika. "Nifuna mpaka pamtima paniwawa. Sondo iliyonse ya Misa nimamva fungo la vinyo pa kansalu kaja. Koma sinifuna chakuba."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo. Ndinali nditalankhula za moyo wa amai anga iwo ali pomwepo, m'chilankhulo chimene sankamva, ndipo ndinkadziyesa wowamenyera nkhondo.

Ndinapita kunyumba ya a katekisti, kumene bishopu anafikira. Ndinawapeza pakhonde, chakudya chili patsogolo pawo chosakhudzidwa. Ndinawafotokozera za mbale yoyamba ya nkhuku, za chimanga chachiwisi, za mphasa. Anamvetsera ataweramitsa mutu, ndipo nditamaliza anangoti, "Ndalakwa kwambiri. Mundiperekeze kwa amai akuluwo."

A katekisti, amene m'mawa monse nkhope yawo inali ya munthu wopambana mlandu, anadzidzimuka. "Iyai, Ambuye, bishopu sapita kukapepesa kunyumba ya mzimai. Tizamuitanitsa kuno." Koma bishopu anali atatola kale chipewa.

Atate akulu atationa tikutulukira pabwalo anakumbukira mwadzidzidzi kuti kudimba kunali ntchito, Lamulungu lomwelo, ndipo anazemba kuseri kwa nkhokwe. Amai akulu anali pamphasa akutong'ola chimanga m'lichero. Anayankha odi wathu, naloza kampando ndi chibwano, koma manja sanaleke ntchito. Bishopu anakhala, mawondo atafika pafupifupi m'makutu, natola chimanga chimodzi n'kuyamba kulimbana nacho ndi zala zawo zofewa. Amai akulu anawasiya avutike.

"Amai, ndabwera kudzapepesa," anatero bishopu. "Ndalowa m'nyumba mwanu osaodira."

"Safunsa anadya phula," anayankha amai akulu osadzutsa mutu. "Dzulo munauza anthu kuti azifunsa mafunso. Imwe mweka munafunsa ndani?"

"Sindinafunse munthu."

"Mm."

Chimanga chinapitiriza kugwera m'lichero. Kenaka amai akulu analankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamvapo chibadwire.

"Pamene mwamuna wanga anatenga uja, ananiitana kuti nimve, osati kuti nikambe. Sininakane. Ana aja ni magazi a pakhomo pano, sakanagona panja. Nagawana naye mwamuna, nagawana naye nkhokwe, nagawana naye bwalo. Chinanitsalira ni chimodzi chabe. Pa Sondo nikaima kupita kutsogolo, anthu akumbukira kuti waukwati ndine. Lelo mwabwela na motoka, mwachitenga pamaso pa anthu onse, na kukamba kuti ayambe ni iye. Ine nalakwa chani, a Bishopu?"

Mawu awo sananjenjemere, koma ine anandipyoza. Zaka khumi ndi ziwiri ndinakhala ndikucheukira kubenchi lomaliza, ndipo sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti wa pabenchi loyamba nayenso anali ndi bala.

"Simunalakwe kanthu," anatero bishopu. "Kuitana kuja ndi mlandu wanga. Mnzanu sanadziwe chilichonse, ndipo mwaona nokha kuti popanda inu sanadzuke. Ukwati wanu palibe angaufafanize, ine kapena wina aliyense. Koma ndisakunamizeni pofuna kuti mundikhululukire. Ine sindikhulupirira kuti mkate uja ndi mphotho ya anthu osalakwa. Ukanakhala mphotho, ine ndikanakhala woyamba kukanizidwa. Ndi chakudya cha anthu anjala."

"Nanga nikakana?"

"Sindidzamuitananso pamaso pa anthu. Ndidzachoka ndikukhulupirirabe kuti ayenera kulandira, koma sindidzakukakamizani."

Amai akulu anawayang'ana koyamba, kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi.

"Imwe mwaphunzira maningi. Niuzeni, Mulungu atiganizira chani ise atatu?"

"Zonse sindidziwa, amai. Chimene ndikudziwa n'chakuti anaona ana anayi amasiye akudya ndi kupita kusukulu, ndipo anaona amene anavomera kuti nkhokwe yake igawidwe."

Amai akulu anapeta chimanga m'lichero, nauzira mankhusu, nafunsa kuti bishopu anyamuka liti. Anati mawa lake, akatha Misa ya m'mawa.

"Muyende bwino," anatero amai akulu. "Siyani chimanga icho, muzachita matuza."

Basi, tinatsanzika opanda lonjezo lililonse. Pobwerera bishopu ankayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana chala chawo chachikulu chimene chinali chitafiira kale. Anandiuza kuti malemu mkazi wawo ankawanena kuti amakonda anthu mwaunyinji, koma amene ali pafupi amamuponda chala osaona. Anati analemba mabuku onena za anthu osiyidwa kunja, ndipo lero anali atasiya munthu kunja iwo eni, ali ndi mkate m'manja. Sanadziteteze ngakhale pang'ono. Aphunzitsi ambiri amene ndakumana nawo m'moyo, ine ndemwe ndili m'gulu, akalakwa amayamba kufotokoza chifukwa chake. Nkhalamba imeneyi inangovomera, ndipo chimenechi ndinachisunga kuposa zonse zimene anaphunzitsa Loweruka lija.

Lolemba ndinayenera kukhala ndili m'kalasi ku Chongwe, koma sindinapite. Kunali kozizira, nthawi ya mwezi wa chisanu pamene udzu umakhala wonyowa mpaka dzuwa litakwera. M'kachisi tinalimo anthu owerengeka: a katekisti, nkhalamba zingapo zosaphonya Misa, ine, ndi amai pamalo pawo pafupi ndi khomo. Chiyambire mkangano wathu tinali tisanalankhulane bwinobwino. Ndinakhala benchi limodzi patsogolo pawo, osalimba mtima kucheuka.

Misa itayamba kale, khomo linalira. Amai akulu analowa atavala yunifomu yawo yonse, yositasita, tsiku la Lolemba. Anadutsa amai osawayang'ana, nakakhala pabenchi lawo loyamba. Mtima wanga unagwa. Ndinati abwera kudzaonetsetsa kuti malo awo sakhudzidwanso, ndipo ndinayamba kale kukonza mawu oipa m'mutu.

Nthawi yolandira itakwana bishopu anasunga lonjezo. Sanaitane munthu, anangoima ndi mbale n'kudikira. Amai akulu anadzuka. Koma m'malo molunjika kuguwa anatembenuka, nayenda kupita kumbuyo, nsapato zawo zikugogoda pansi. Anandidutsa, naima pafupi ndi amai amene anali chogwada nkhope ili m'manja.

"Tiyeni," anatero, mawu ali ouma ngati masiku onse. "Kapena mufuna nikubelekeni?"

Amai anadzuka. Anayenda pambuyo pa akulu awo, phazi limodzi kumbuyo, mpaka kuguwa, ndipo onse awiri anagwada moyandikana. Ine ndinali nditayamba kale kulira, mokweza, mopanda ulemu, moti a katekisti ananditembenukira.

Bishopu anali ataphunzira. Anapita kaye kwa amai akulu, natola mkate. Koma amai akulu manja awo anali atawapinda pachifuwa, ndipo sanawatambasule.

"Yambani na uyu," anatero. "Ine ninadya dzulo."

Bishopu anaima kanthawi, kenaka anasunthira kwa amai. Amai anayamba ayang'ana akulu awo. Ataona kuti agwedeza mutu, anatambasula manja.